Kuzimitsa Puppy Linux Mwamsanga Popanda Kusunga Zimene Mwasintha

Pafupifupi sabata iliyonse pamabwera munthu atanyamula flash yake kudzandifunsa kuti achite bwanji kuti Puppy Linux, Linux wopepuka amene amatha kuyenda pa flash, azime msanga, asamufunse mafunso ambiri, ndiponso asasunge zimene zachitika tsiku limenelo. Wina amakhala kuti anayesa pulogalamu imene yasokoneza zinthu, ndiye akufuna kuti mawa akapeze zonse zili monga zinalili dzulo. Wina anabwereka laputopu ya mnzake kuti aonere uthenga, ndipo sakufuna kuti dzina lake ndi mawu ake achinsinsi zitsalire paliponse. Winanso magetsi amuthimira, batire yatsala pang'ono kutha, ndipo sangathe kudikira kuti Puppy amalize kulemba zinthu pa flash imene imachedwa. Ndakhala ndikuyankha pakamwa, koma ndaona kuti anthu amangogwira lamulo lomalizira n'kuiwala zimene ziyenera kuchitika lamulolo lisanalembedwe, choncho ndaganiza zolemba zonse pamodzi.

Mfundo imene ndikufuna muigwire musanapitirire ndi yakuti nkhani yosunga kapena kusasunga imagamulidwa pa nthawi imene mukuyatsa kompyuta, osati pamene mukuizimitsa. Ngati Puppy anayatsidwa m'njira yoti azilemba chilichonse pa disiki nthawi yomweyo, palibe batani kapena lamulo limene lingabweze zimene zalembedwa kale.

Puppy anayambitsidwa ndi Barry Kauler wa ku Australia mu 2003, ndipo kuyambira kale amagwira ntchito m'magawo osanjikizana. Ganizirani za m'kalasi mmene muli buku losindikizidwa, kope ndi bolodi. Buku losindikizidwa ndi mafayilo amene mayina awo amathera ndi .sfs, ndipo Puppy amangowawerenga, sawasintha. Kope ndi chimene anthu a Puppy amachitcha save, chimene chimakhala fayilo imodzi yothera ndi .2fs, .3fs kapena .4fs, kapena chimakhala foda, ndipo mmenemo ndi mmene mumasungidwa zonse zimene inu mwasintha. Bolodi ndi RAM, imene imafufutika yokha mphamvu ya magetsi ikangochoka. Zimene mumaona pa sikirini ndi zitatuzi zitaphatikizidwa, ndipo funso lonse lagona pa malo amene zolemba zanu za lero zikupita: pa bolodi kapena m'kope.

1. Dziwani kaye mmene Puppy wanu wayakira

Tsegulani terminal, windo lolemberamo malamulo, imene pa desktop kawirikawiri imalembedwa kuti console, ndipo lembani lamulo ili n'kudina Enter:

`grep PUPMODE /etc/rc.d/PUPSTATE`

Mudzaona nambala. Ikakhala 5, ndiye kuti palibe save imene yatsegulidwa ndipo zonse zili mu RAM. Ikakhala 13, ndiye kuti save ilipo koma zosintha zanu zikuyamba zakhala mu RAM, ndipo zimakoperedwa mu save pa nthawi zoikika komanso pozimitsa. Ikakhala 12, zosintha zanu zikulembedwa mu save mwachindunji, monga munthu wolemba m'kope ndi bolopeni. Ikakhala 2, Puppy anaikidwa pa disiki monga mmene amaikira Linux wina aliyense, palibe magawo osanjikizana, ndipo malangizo ano sangakuthandizeni pokhapokha mutamuika mwatsopano m'njira ya magawo osanjikizana ija, imene amaitcha frugal.

Musadumphe sitepe imeneyi poganiza kuti mukudziwa kale. Anthu ambiri amakhulupirira kuti malinga ngati Puppy akuchokera pa chipangizo cha USB ndiye kuti ali pa 13, koma hard disk yakunja yolumikiza pa USB, kapena save imene inaikidwa pa disiki ya m'kati mwa kompyuta, nthawi zambiri imapereka 12.

2. Mukapeza 5, ntchito yatha kale

Dinani Menu, sankhani kuzimitsa, ndipo bokosi lofunsa ngati mukufuna kupanga save likatuluka, dinani batani lokana, limene m'mitundu yambiri limalembedwa kuti NO SAVE. Kompyuta izima pakangotha masekondi ochepa.

Mungathenso kusankha dala kuyatsa Puppy pa 5 ngakhale muli ndi save. Mndandanda woyatsira ukaoneka, mitundu yambiri imakhala ndi mzere woyatsira mu RAM mokha. Ngati mzerewo palibe, dinani Tab ngati flash yanu imayaka ndi Syslinux, kapena e ngati imayaka ndi GRUB (awa ndi mapulogalamu oyatsira kompyuta), kenako onjezerani mawu akuti pfix=ram kumapeto kwa mzere umene uli ndi pmedia. Mukapeza kuti pamzerepo pali kale pfix, mwachitsanzo pfix=fsck, musalembe pfix yachiwiri, koma sinthani imene ilipoyo, ndipo ngati mukufuna zinthu ziwiri muzilekanitse ndi koma popanda kusiya mpata. Ine ndimaona kuti iyi ndiyo njira yodalirika kuposa zonse pamene mukugwiritsa ntchito kompyuta ya eni kapena mukuyesa pulogalamu yokayikitsa, chifukwa save yanu siitsegulidwa n'komwe. Vuto lake n'lakuti simudzapeza mapulogalamu amene munaika, ndipo Wi-Fi muyenera kuilumikiza mwatsopano.

3. Mukapeza 12, sinthani mmene Puppy amayakira

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa, koma ndi pamene anthu ambiri amagwera. Tsiku lina kunabwera mnyamata wina atakwiya, akunena kuti Puppy ndi wabodza. Anali atasintha kaonekedwe ka sikirini mpaka zilembo zinakula moti mabatani ena sankaoneka, ndipo poopa kuti zisungidwa anagwira batani la magetsi mpaka laputopu inazima. Atayatsanso anapeza zilembo zili zikuluzikulu chomwecho. Tinatsegula terminal, tinalemba lamulo la mu sitepe yoyamba, ndipo nambala inatuluka 12. Zimene anasintha zinali zitalowa mu save pa nthawi yomwe anadina OK, ndipo kuzimitsa mwankhanzako kunangowonjezera ngozi yowononga disiki popanda kubweza kalikonse.

Pa 12 palibe njira yokanira kusunga. Chimene mungachite ndi kuuza Puppy kuti kuyambira ulendo wotsatira azitenga disiki yanu ngati flash, pakuti njira ya 13 inapangidwa pofuna kuteteza flash kuti isamalembedwe pafupipafupi n'kutha msanga, ndipo ife tikungopezerapo mwayi. Zimenezi zimatheka posintha mawu a pmedia mu fayilo yoyatsira. Fayiloyi imatchedwa menu.lst ngati mumagwiritsa ntchito Grub4Dos, grub.cfg ngati ndi GRUB 2, ndipo syslinux.cfg kapena extlinux.conf ngati ndi Syslinux. Kawirikawiri imakhala pamwamba penipeni pa gawo la disiki limene kompyuta imayakira, kapena mu foda yotchedwa boot. Musanaikhudze, ikopereni pambali ndi dzina lina, kuti mukalakwitsa mukhale ndi pobwerera.

Itseguleni ndi pulogalamu yolembera ya Geany ndipo funani mzere umene uli ndi mawu akuti vmlinuz kapena append. Pa Fossapup64, mtundu wa Puppy wa mu 2020, mzerewo ungaoneke motere:

`kernel /fossapup64/vmlinuz pmedia=atahd psubdir=fossapup64`

Sinthani pmedia=atahd kuti ikhale pmedia=ataflash ngati save ili pa disiki ya m'kati, ndipo ngati ili pa chipangizo cha USB lembani pmedia=usbflash. Musakhudze psubdir, chifukwa ndi mawu amene amauza Puppy foda imene muli mafayilo ake, ndipo mukawalakwitsa sadzawapeza. Samalaninso kuti m'fayilo imodzi mumatha kukhala mizere ingapo yofanana, umodzi pa chisankho chilichonse cha pa mndandanda woyatsira. Ambiri amasintha mzere woyamba umene auona pamene iwo amayatsira wachiwiri, kenako amadabwa kuti palibe chasintha. Flash zina zimakhalanso ndi mafayilo awiri oyatsira, ina ya makompyuta akale a BIOS ndi ina ya makompyuta a UEFI, ndipo ngati mumayenda nayo flash yanu pa makompyuta osiyanasiyana muyenera kusintha onse awiri.

Mukasunga fayiloyo, yatsaninso kompyuta m'njira ya masiku onse, kenako bwerezani lamulo la mu sitepe yoyamba. Musapitirire mpaka mutaona 13 ndi maso anu. Chizindikiro china n'chakuti pa desktop pamaoneka kachithunzi katsopano kolembedwa kuti save.

Ngati flash yanu inapangidwa pongojambulirapo fayilo ya ISO yonse, gawo limene lili ndi fayilo yoyatsira limakhala losalembeka, ndipo simungathe kuisintha. Zikatero muzilemba pmedia pamanja pa nthawi yoyatsa, pogwiritsa ntchito Tab kapena e monga ndafotokozera, kapena pangani flash ina ndi pulogalamu yoikira imene ili mu Puppy momwemo.

4. Letsani kusunga kwa nthawi ndi nthawi

Kufika pa 13 sikokwanira. Puppy akangoikidwa kumene amakopera zimene zili mu RAM kupita mu save pa mphindi 30 zilizonse, ndiponso amasunga pozimitsa osafunsa. Munthu amene wagwira ntchito kwa ola limodzi n'kukana kusunga pomaliza amangotaya zimene anachita m'mphindi zomalizira, pamene zina zonse zinalowa kale.

Pitani pa Menu, System, Puppy Event Manager, kapena lembani eventmanager mu terminal. Pa tsamba lolembedwa kuti Save Session pali malo olembapo mphindi. Fufutani 30 n'kulemba 0, zimene zikutanthauza kuti asamasunge yekha. Pomwepo chongani kabokosi kouza Puppy kuti azifunsa pozimitsa ngati mukufuna kusunga. Zosankha ziwirizi zimalembedwa mu fayilo ya /etc/eventmanager, ndipo mungathe kutsimikiza ndi lamulo ili:

`grep -E 'RAMSAVEINTERVAL|ASKTOSAVE' /etc/eventmanager`

Muyenera kuona 0 pa mzere wa RAMSAVEINTERVAL ndi true pa mzere wa ASKTOSAVE.

Tsopano pali kanthu kakang'ono kamene kamasokoneza ngakhale anthu ozolowera. Kusintha kumene mwapangaku nakonso kuli mu RAM, pa bolodi pomwe paja. Mukazimitsa osasunga, kufufutika limodzi ndi zina zonse, ndipo mawa Puppy adzayambiranso kusunga pa mphindi 30 zilizonse inu muli ndi mtima woti munaletsa. Choncho ulendo uno wokha dinani kachithunzi ka save pa desktop, kapena lembani save2flash mu terminal, dikirani kuti uthenga wosonyeza kuti akusunga uchoke, kenako yatsaninso kompyuta. Chitani zimenezi kompyuta itangoyaka kumene, musanatsegule intaneti kapena china chilichonse, chifukwa chimene chili mu RAM pa nthawiyo chidzasungidwa chonse.

Dziwaninso mtengo wa chisankho chimenechi. Chilichonse chimene mukukopera kapena kutsitsa pa intaneti n'kuchiika mu /root, foda ya mafayilo anu, chikudya RAM, ndipo msakatuli wa intaneti nayenso amaunjika zinthu zake momwemo. Pa kompyuta ya 2 GB zimenezi zimaoneka msanga, makamaka mukamaonera mavidiyo. Yang'anirani kachithunzi kosonyeza malo otsala kamene kali pafupi ndi wotchi, ndipo mafayilo akuluakulu muziwatsitsira mu /mnt/home, limene ndi gawo lenileni la disiki limene muli save yanu.

Chenjezo lina likukhudza kuika mapulogalamu. M'mitundu ina ya Puppy, Puppy Package Manager akakhala pa 13 amalemba pulogalamu yatsopano mwachindunji mu save pofuna kupulumutsa RAM, moti ngakhale mukane kusunga mudzapeza mafayilo ake alipo. Ngati cholinga chanu n'kuyesa pulogalamu n'kuitaya, yatsani ndi pfix=ram.

5. Musanazimitse, tulutsani zofunika ndipo tsekani madisiki

Kukana kusunga sikusankha. Kalata imene mwalemba n'kuisunga mu /root kapena mu my-documents ipita limodzi ndi zinyalala zimene mumafuna kutaya. Ine ndinataya ntchito ya madzulo onse m'njira imeneyi: ndinalemba, ndinadina Save mu pulogalamu yolembera, ndinaona dzina la fayilo likuoneka bwinobwino mu foda, ndipo pozimitsa chala chinapita chokha pa NO SAVE monga mwa chizolowezi. M'mawa mwake fodayo inali yopanda kanthu. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene ndikufuna kuchipezanso ndimachisunga mu /mnt/home kapena pa flash ina, ndipo ndikukupemphani kuti muzichita chimodzimodzi.

Kenako yang'anani tizithunzi ta madisiki tomwe tili m'munsi mwa desktop, tolembedwa kuti sda1, sdb1 ndi mayina ena otero. Disiki imene ili yotsegula, kapena kuti ili pa mount monga amanenera a Linux, imakhala ndi kachizindikiro pakona. Tsekani mawindo onse amene akuonetsa mafayilo ake, dinani kumanja pa kachithunziko ndi kusankha Unmount, kapena gwiritsani ntchito pulogalamu ya Pmount. Chifukwa chake n'chakuti Linux salemba zonse pa disiki nthawi yomweyo: bokosi losonyeza kukopera likhoza kutseka pamene mbali ina ya fayilo ikadali mu RAM kudikira kulembedwa. Flash zambiri zimabwera ndi FAT32 kapena exFAT, njira zosanjira mafayilo pa disiki zimene zilibe kaundula wothandiza kukonza zinthu magetsi akaduka mwadzidzidzi monga mmene zilili ndi ext3 ndi ext4, ndipo kuzidula pakati kumatha kuwononga ngakhale mafayilo amene simunawakhudze tsiku limenelo. Gawo la /mnt/home lokha silingatsekeke pa 13, chifukwa Puppy akuligwiritsa ntchito, ndipo musalimbane nalo.

6. Zimitsani m'njira ya masiku onse

Dinani Menu ndi kusankha kuzimitsa, kapena lembani wmpoweroff mu terminal, limene ndi lamulo lotseka desktop n'kuyambitsa ndondomeko yozimitsira. Funso la kusunga likatuluka sankhani NO SAVE. Likatuluka pa sikirini yakuda pamene mbewa sikugwira ntchito, sunthani ndi Tab kapena timivi ta pa kiyibodi, onetsetsani kuti batani lokana ndi limene lawala, kenako dinani Enter. Musadine Enter mothamanga, pakuti batani limene limakhala losankhidwa poyamba ndi losunga, ndiponso musachoke n'kulisiya funsolo kuti lidziyankhe lokha.

Kwa anthu ambiri njira iyi ndi yokwanira. Chimene chimachedwetsa kuzima pa 13 ndi kukopera zinthu kuchoka mu RAM kupita pa flash, ndipo mukakana kusunga ntchito imeneyo imadumphidwa, pamene madisiki amatsekedwa mwadongosolo. Ngati simuli pa changu chenicheni, imani pano.

7. Njira yachidule ya lamulo limodzi

Alipo amene amazimitsa kambirimbiri pa tsiku, monga okonza makompyuta amene amayatsa Puppy kuti angoona ngati disiki ili moyo, ndipo safuna kufunsidwa chilichonse. Mu Puppy lamulo la poweroff limayendetsa kaye fayilo ya /etc/rc.d/rc.shutdown, mmene muli zonse zokhudza kusunga. Lamulo la busybox poweroff -f limadumpha zonsezo n'kudula magetsi nthawi yomweyo. Limagwira ntchito, koma limasiya madisiki asanatsekedwe, kuphatikizapo gawo limene muli save yanu, ndipo n'chifukwa chake sindikonda kuona anthu akulilemba lokha.

Njira yabwinopo ndi kupempha kernel, amene ndi mtima wa Linux, kuti ayambe wamaliza kulemba zotsala ndi kusandutsa madisiki onse kukhala ongowerenga. Onani kaye ngati fayilo ya /proc/sysrq-trigger ilipo polemba ls /proc/sysrq-trigger. Ngati ilipo, tsegulani Geany n'kulemba mizere iyi:

`#!/bin/sh`
`sync`
`echo u > /proc/sysrq-trigger`
`sleep 3`
`busybox poweroff -f`

Mzere wa sync umakankhira pa disiki zimene zinali kudikira kulembedwa. Izi sizikutanthauza kusunga zosintha zanu mu save, koma kumaliza zimene munakopera pa madisiki enieni. Chilembo cha u chimauza kernel kuti atseke kulemba pa madisiki onse, ndipo masekondi atatu odikirawo ndi ofunika chifukwa kernel amavomera lamulolo asanamalize ntchitoyo. Sungani fayiloyi ndi dzina lakuti zima mu /usr/local/bin, kenako lembani:

`chmod +x /usr/local/bin/zima`

Apanso dinani save kamodzi kuti fayiloyi ikhazikike. Kuyambira pamenepo mukalemba zima mu terminal kompyuta izima popanda funso. Mu Puppy mumagwira ntchito ngati root, woyang'anira wokhala ndi mphamvu zonse pa kompyuta, ndiye palibe chimene chidzakufunseni mawu achinsinsi kapena kukuchenjezani. Pa chifukwa chimenechi sindilimbikitsa kuika fayiloyi pa desktop, pamene kudina kamodzi kokha mwangozi kumayendetsa pulogalamu.

Pali nthawi ziwiri zimene simuyenera kugwiritsa ntchito lamuloli. Yoyamba ndi pamene Puppy ali mkati mosunga, uthenga wosunga ukuoneka kapena kanyali ka flash kakuphethira, chifukwa mudzadula ntchitoyo pakati ndipo save idzatsala ndi zina zatsopano zina zakale. Yachiwiri ndi pamene mwatsegula gawo la Windows. Magawo a NTFS amayendetsedwa kawirikawiri ndi pulogalamu ya ntfs-3g, ndipo njira yokhayo yodalirika ndi kuwatseka ndi Unmount musanazimitse. Mukayatsanso n'kuona kuti Puppy akuyamba wafufuza save asanapitirire, musiyeni amalize, ndipo ngati mukukayika za thanzi la save yanu yatsani kamodzi ndi pfix=fsck kuti Puppy aifufuze.

8. Kompyuta ikauma

Mbewa ikasiya kuyenda, yesani Ctrl, Alt ndi Backspace pamodzi. Zimenezi zimatseka desktop n'kukusiyani pa sikirini yakuda, pamene mungalembe poweroff n'kuyankha funso la kusunga, kapena kulemba zima. Zikakanika, gwirani Alt ndi SysRq, limene pa makiyibodi ambiri ndi batani lomwelo la Print Screen, ndipo dinani S, dikirani pang'ono, dinani U, dikiraninso, kenako dinani O. Pa malaputopu ena pamafunikanso kugwira Fn, ndipo njirayi imagwira ntchito pokhapokha ngati inaloledwa mu /proc/sys/kernel/sysrq. Kugwira batani la magetsi kwa masekondi anayi kapena kuposerapo kukhale chinthu chomalizira. Pa 5 ndi madisiki onse otseka sikuwononga kanthu, koma pa 13 kuli ndi ngozi imene ndafotokoza, ndipo pa 12 ngoziyo ndi yaikulu.

Musazule flash imene Puppy akuyendera poganiza kuti imeneyo ndi njira yozimitsira. Chizolowezi chimenechi anthu amachitenga ku Tails, Linux wina woyenda pa flash amene anatuluka koyamba mu 2009 ndipo anapangidwa dala kuti asasiye zizindikiro. Pa Tails kuzula flash kumayambitsa kuzima kwadzidzidzi, ngakhale kuti nawonso opanga Tails amachenjeza kuti kutero kungawononge malo osungira amene amawatcha Persistent Storage. Puppy alibe dongosolo lotero. Mukazula flash amapitiriza kuyenda kuchokera mu RAM, zonse zimene munatsegula zikadali pa sikirini, ndipo chimene mwapindula ndi save yokayikitsa basi.

9. Dziwani zimene sizifufutika

Kukana kusunga kumafufuta zimene zinali mu RAM zokha. Fayilo imene mwaisintha kapena kuifufuta pa disiki ya kompyuta, pa flash ina kapena mu /mnt/home yasinthika mpaka kalekale. Uthenga umene mwatumiza wapita, ndipo Gmail kapena Facebook amakumbukira kuti munalowa, nthawi imene munalowera komanso kumene munalowera. Ngati msakatuli wanu ndi wa mtundu wonyamulika umene foda yake ili mu /mnt/home, mbiri ya masamba amene mwatsegula ndi mawu achinsinsi zikulembedwa kumeneko, kunja kwa save.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa ndi swap, malo a pa disiki amene Linux amawagwiritsa ntchito RAM ikachepa. Puppy akapeza gawo la swap pa kompyuta imene mwamuyatsapo amatha kuligwiritsa ntchito, ndipo zidutswa za zimene munali kuchita zikhoza kutsalira pa disiki ya mwini kompyutayo. Lembani cat /proc/swaps mukangoyatsa, ndipo mukaona gawo lililonse pamndandandawo lembani swapoff -a musanayambe ntchito. Kulemba lamuloli pomaliza sikufufuta zimene zinalowa kale. Ngati nkhani yanu ndi yoteteza chinsinsi chimene chingaike munthu pangozi, ndikukulangizani kuti mugwiritse ntchito Tails, chifukwa Puppy anapangidwa kuti akhale wopepuka ndi wothamanga, osati wobisa munthu.

10. Yesani musanadalire

Yambani ndi kukopera save yanu pambali. Yatsani ndi pfix=ram kuti save ikhale yotseka, tsegulani gawo limene ilimo, ndipo ikopereni ku disiki ina. Ngati save yanu ndi foda, kumene mukuikoperako kukhalenso kwa ext, chifukwa FAT32 ndi NTFS sizisunga bwino zilolezo ndi malumikizidwe a mafayilo a Linux. Mukasiya kopeyo pafupi ndi save yeniyeni n'kungosintha kumapeto kwa dzina lake, Puppy adzakufunsani poyatsa kuti atsegule iti, ndipo pamndandandawo pamakhalanso 0 wotanthauza kuti asatsegule iliyonse.

Kenako yatsani m'njira ya masiku onse, lembani touch /root/mayeso mu terminal, ndipo siyani kompyuta ili yoyaka kwa mphindi zoposa 30 kuti muone ngati kusunga kwa nthawi ndi nthawi kunalekadi. Zimitsani posankha NO SAVE, yatsaninso, ndipo lembani ls /root/mayeso. Mukauzidwa kuti fayiloyo palibe, zonse zili bwino, ndipo bwerezani mayesowa kamodzi ndi lamulo la zima ngati munalipanga. Mukaipeza ilipo, onaninso nambala ya PUPMODE ndi lamulo la mu sitepe yoyamba pa kompyuta yomweyo, chifukwa mwina yayakira pa mzere umene simunasinthe, kenako tsegulani /etc/eventmanager kuti muone ngati 0 uja anasungidwadi.